Timafunsa za Mwana, Nanga za Mayi?

Pali funso limene kwathu kuno silichedwa kubwera. Ukwati ukangodalitsidwa, nthungululu zikatha, anthu amayamba kuwerenga miyezi chamumtima. Chaka chikatha mbeleko isanaoneke, apongozi amaitana ankhoswe, alamu amayamba kuponya mawu okuluwika, ndipo ngakhale pabwalo la tchalitchi pamamveka wina akuti, "Nanga mphatso, mpaka liti?" Pa tsamba lino tikufuna tisinkhesinkhe ngati funso limeneli ndi loyenera, ndipo ngati ndi loyenera, liyenera kuthera pati. Tiliunika poyang'ana matenda amodzi amene amayi ambiri akukhala nawo osawadziwa dzina.

Tiyambe ndi kuliikira kumbuyo funsolo, pakuti si lonse loipa. Kwathu munthu sadwala yekha. Amene amati za m'nyumba ya mwini n'zosafunsa amaiwala kuti kufunsana komweko ndiko kumachititsa kuti wodwala apeze wom'tungira madzi, wom'pitira kuchigayo ndi wom'perekeza kuchipatala. Mudzi umene anthu analeka kufunsana ndi mudzi wozizira, ndipo sitiulakalaka. Chimene chikutivuta ife n'chakuti funso limeneli lili ndi malire odabwitsa. Limayamba pamene mwana wachedwa, n'kutha tsiku limene mwana wabadwa. Zimene mayiyo ankamva m'thupi asanakwatiwe, ndi zimene adzamve mwana atakula, zonsezo zimatsala kunja kwa mpanda.

Matenda amene tikunenawa madokotala amawatchula kuti polycystic ovary syndrome, mwachidule PCOS. Si achilendo. Madokotala awiri a ku Chicago, Irving Stein ndi Michael Leventhal, anawafotokoza m'chaka cha 1935 atasamalira amayi 7 amene zizindikiro zawo zinali zofanana. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena m'chaka cha 2025 kuti mwa amayi 100 aliwonse a msinkhu wobereka, pakati pa 6 ndi 13 ali ndi matendawa, ndipo mwa odwalawo amene sanapezekepo nawo kuchipatala angafike 70 mwa 100. Tikatero, pamsonkhano wa amayi 50 a msinkhu umenewu, atatu kapena asanu ndi mmodzi angakhale akuimba nafe ali ndi vutoli.

Zimayenda motere. Mayi ali ndi timatumba tiwiri tosunga mazira, kumanja ndi kumanzere kwa chiberekero. Mwezi uliwonse mazira angapo amayamba kukula, limodzi n'kukhwima n'kutuluka, ndipo ngati silinakumane ndi mbewu ya bambo, pakatha pafupifupi milungu iwiri msambo umabwera. Mwa mayi wa PCOS mazira ambiri amayamba ulendowu koma miyezi yambiri palibe limene limaumaliza. Amaima panjira, ndipo akam'jambula mayiyo pa sikani amaoneka atandandalika ngati mikanda. Dzina lachingerezi lija limapangitsa anthu kuganiza kuti ndi zotupa zofunika kuchotsa ndi opaleshoni, pamene ndi mazira chabe osakhwima. N'chifukwa chake akatswiri amene anakumana ku America m'chaka cha 2012 anapempha kuti dzinalo lisinthidwe, pakuti limaloza malo amodzi pamene vuto lili m'thupi lonse.

Kuseri kwa zonsezi kuli mahomoni a mitundu iwiri. Oyamba ndi aja amene mwa abambo amakhala ochuluka ndipo mwa amayi amayenera kukhala ochepa. Mwa mayi wa PCOS amakwera, ndiye amameretsa ndevu, amabweretsa ziphuphu ndi kuthothola tsitsi la pakati pa mutu. Wina ndi insulini, amene ntchito yake ndi kutsegulira shuga khomo kuti achoke m'magazi alowe m'minofu. Mwa amayi ambiri odwala matendawa thupi silimumvera bwino insulini, choncho limam'panga wochuluka, ndipo insulini wochulukayo amakankha timatumba tija kuti tipange mahomoni achimuna owonjezera. Matendawa amayenda m'magazi a banja. Sapatsirana, sabwera chifukwa cha chiwerewere, kuchotsa pathupi kapena kumwa mankhwala olera, ndipo palibe munthu amene angamange nawo mnzake. Kuyambira pa msonkhano wa ku Rotterdam wa 2003, madokotala amanena kuti mayi ali nawo akapeza ziwiri mwa zinthu zitatu izi, atatsimikiza kuti palibe matenda ena: msambo wosayenda bwino, mahomoni achimuna okwera, ndi mikanda ija pa sikani.

Tsono taganizirani moyo wa munthu wosenza zimenezi pakati pathu. M'mawa uliwonse, ena asanadzuke, amakhala ndi lezala kapena kazulo pachibwano, ndipo masana onse dzanja lake limapita pamenepo kukamva ngati zatulukanso. Mwamva zimene zimanenedwa za mkazi wandevu: ena amati ndi wankhanza, ena amati adzalemera, ena amafika potchula ufiti. Kumbuyo kwa khosi ndi m'khwapa khungu limada ndi kukhuthala, anthu n'kumati sasamba mokwanira, iye n'kumakhula ndi mwala mpaka kutupa, osadziwa kuti kuda kumeneko ndi chizindikiro cha insulini wochuluka ndipo sopo sangakuchotse. Akanenepa amati ndi wadyera kapena waulesi. Msambo ukasowa miyezi inayi, ngati ndi mtsikana, azakhali amayamba kum'yang'ana m'maso ndi pamimba. Ukabwera mochuluka kwa milungu iwiri, amanong'onezana kuti pali chimene wataya. Palibe chizindikiro ngakhale chimodzi chimene anthu amachisiya chikhale cha matenda. Chilichonse amachisandutsa umboni wa khalidwe.

Ku Britain kuli mayi wina, Harnaam Kaur, amene ndevu zinayamba kum'mera ali ndi zaka 11 chifukwa cha matendawa. Atavutika ndi chitonzo kusukulu, anafika poleka kuzimeta, ndipo m'chaka cha 2016 analembedwa m'buku la Guinness monga mkazi wamng'ono koposa wokhala ndi ndevu zodzaza. Sitikuti amayi athu atengere zimenezo; wofuna kumeta amete, ndi chibwano chake. Tam'tchula kuti tione kuti chitonzochi si cha kumudzi kwathu kokha, ndi kuti ndevu zokhazo sizinam'pweteke mmene anam'pwetekera anthu.

Amene timawerenga 1 Samueli timakumbukira kwambiri Penina, mkazi mnzake wa Hana, amene ankam'puta dala. Koma pa nkhani yathuyi woyenera kum'yang'anitsitsa ndi Eli. Iye sanali mdani wa Hana. Anali wansembe, munthu wa m'nyumba ya Mulungu, atakhala pampando wake ku Silo. Anaona milomo ya mayi ikugwedera mawu osamveka, ndipo pa chizindikiro chimodzi chokhacho anagamula kuti waledzera. A Penina ndi ochepa ndipo amadziwika. A Eli ndi ambiri, ndipo ndi anthu abwino, okonda dongosolo, amene amaona thupi la munthu n'kuganiza kuti awerenga mtima wake. Chimene tingam'yamikire Eli n'chakuti Hana atam'yankha, anamvetsera n'kusintha mawu.

Tafika pa phata la nkhani. Pa zizindikiro zonse tatchulazi, ndi chiti chimene chimachititsa banja kugulitsa mbuzi kuti mayi apite kuchipatala chachikulu? Ndi chimodzi chokha, kusowa kwa mwana. Mtsikana wa zaka 17 amene amasamba katatu pa chaka amauzidwa kuti zidzakonzeka akadzakwatiwa. Mayi amene wabereka pambuyo pa zaka zisanu zodikira amavinidwa, ndipo m'pake, koma kuyambira tsiku limenelo aliyense amati wachira. Sanachire ayi. PCOS ndi matenda a moyo wonse, ndipo zoopsa zake zazikulu sizikhudza mbeleko.

Choyamba ndi shuga. Thupi limene lakhala zaka likulimbana ndi insulini limafika potopa, motero amayi amenewa amadwala matenda a shuga kawirikawiri kuposa anzawo, ndiponso akadali aang'ono, ngakhale ena ochepa thupi. Akakhala oyembekezera, shuga wa pathupi ndi kuthamanga kwa magazi zimawapeza mosavuta. Chachiwiri ndi chiberekero chenichenicho. Khungu la m'kati mwake limakula mwezi ndi mwezi kukonzekera mwana, ndipo msambo ndiwo umalitsuka. Dzira likapanda kutuluka kwa miyezi yambiri, khungulo limangokhuthala osatsukidwa, ndipo zikapitirira kwa zaka lingathe kusanduka khansa. Amene amafika pamenepo ndi ochepa, tisaopsezane, koma ngoziyo ndi yokwera kuposa ya amayi ena ndipo ndi yopeweka. N'chifukwa chake madokotala safuna kuti mayi wotere adutse masiku 90 osasamba popanda mankhwala. Apa tisasokoneze zinthu: mayi woyamwitsa, kapena amene msambo unaima chifukwa cha jakisoni wolera, nkhani yake ndi ina, pakuti jakisoniyo amapepukitsa khungu lija m'malo molikhuthalitsa. Chachitatu ndi mtima. Nkhawa ndi matenda okhumudwa n'zofala kwambiri mwa amayi amenewa, kotero kuti malangizo a madokotala a m'mayiko ambiri, amene anatuluka m'chaka cha 2018 n'kukonzedwanso mu 2023 motsogozedwa ndi yunivesite ya Monash ku Australia, amalamula kuti aliyense wopezeka ndi PCOS afunsidwenso za mmene akumvera mumtima.

Nanga n'chifukwa chiyani zitatuzi sizidzutsa ankhoswe? Yankho lake ndi lowawa pang'ono. Mwana ndi wa tonse. Agogo akufuna mdzukulu wom'tuma, bambo akufuna dzina lake lipitirire, mbumba ikufuna kukula. Mwana akachedwa, aliyense amamva kuti pali chimene akumanidwa. Koma shuga wa mayiyo ndi wake yekha, khansa ndi yake yekha, kusowa tulo n'kwake yekha. Choncho funso limene timaliona ngati chikondi pa iye, tikalisenda bwino, nthawi zina timapeza kuti m'kati mwake muli kulondola ngongole. Timam'funsa monga mmene munthu amafunsira za munda umene anaubwereketsa. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma pano amene wamva m'mimba amapeza kuti chitseko chimatseguka pokhapokha ena a m'nyumbamo akamva nawo.

Wina anganene kuti tikum'lankhulira mayiyo zimene iye sananene. Kodi si iye mwini amene akulira mwana kuposa wina aliyense? Kum'uza za shuga pamene mtima wake uli pa mbeleko, si kum'patsa mwala wopempha nsima? Mawu amenewa ndi oona, ndipo sitikufuna kuchepetsa kulira kwake. Pa mbali imeneyi pali uthenga wabwino umene amayi ambiri sanaumve. Mwa zifukwa zolepheretsa kubereka, PCOS ndi imodzi mwa zimene zimamvera mankhwala. Mazira alipo, ochuluka ndithu, chofunika ndi kuwathandiza kukhwima. Pali mapiritsi otchedwa letrozole, amene malangizo aja amawaika patsogolo, ndi ena akale otchedwa clomiphene, omwa masiku asanu kumayambiriro kwa msambo, dokotala akuyang'anira. Si ogula mwamseri n'kumwa mongomva kwa anzathu. Palinso metformin, mankhwala omwe aja a shuga. Amayi ambiri a PCOS amadzabereka, ena ndi thandizo limeneli, ena popanda thandizo lililonse, mwakuti amene anauzidwa kuti ndi chumba asadabwe akadzapezeka ali ndi pathupi posayembekezera. Ndipo dokotala wodziwa ntchito yake sayamba kupereka mapiritsiwa asanapime mbewu ya bambo. WHO inanena m'chaka cha 2023 kuti munthu mmodzi mwa 6 aliwonse amakumana ndi vuto la kusabereka nthawi ina pa moyo wake, ndipo chiwerengerocho ndi cha amuna ndi akazi omwe. Zimachitika kuti mayi ali ndi PCOS, bambonso ali ndi vuto lake, koma chifukwa vuto la mayi limaonekera pankhope, la bambo silifufuzidwa.

Komabe ena sadzabereka, ndipo apa pamafunika kulankhula moona. Tikamatonthoza mayi wotere timakonda kum'werengera Sara, Rebeka, Rakele, Hana ndi Elizabeti, ndipo nkhani zonsezi zimathera pa mwana. Mayi amene zaka zake zapita amamva mndandanda umenewu n'kudzifunsa kuti iye analakwa pati, kapena kuti chikhulupiriro chake chinaperewera pati. Chitonthozo chimene chimagwira ntchito pokhapokha mwana akabwera, nachonso chili ndi malire omwe aja a funso lathu. Mpingo wathu uli ndi chiphunzitso chozama kuposa pamenepo. Buku la Mapemphero la 1662 limatchula zifukwa zitatu za ukwati, ndipo n'zoona kuti ana limawaika poyamba, koma limatchulanso kukhalirana ndi kuthandizana pa mtendere ndi pa mavuto. Ndipo limauza wansembe kuti mkwatibwi akakhala wopitirira msinkhu wobereka, pemphero lopempha ana alidumphe. Ukwatiwo umadalitsidwabe wathunthu, palibe chochotsedwapo pa malumbiro. Ngati Mpingo wakhala ukumanga maukwati odziwikiratu kuti mwana simudzakhala, sitikuona pamene ankhoswe achikhristu angaime n'kunena kuti banja lopanda mwana lalephera, kapena kuti bambo ali ndi chifukwa chokayesera kwina.

Pali mfundo ziwiri zimene zimativuta ife amayi a mumpingo makamaka, ndipo tisazizembe. Yoyamba ndi ya mapiritsi olera. Kwa mtsikana kapena mayi wa PCOS amene sakufuna pathupi panthawiyo, mankhwala oyamba amene dokotala amapereka kawirikawiri ndi mapiritsi amenewa. Amabweretsa msambo panthawi yake, amateteza khungu la chiberekero lija, ndipo pakatha miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo amachepetsa ndevu ndi ziphuphu. Satseka mimba mpaka kalekale monga ena amanenera. Si oyenera aliyense, makamaka wa BP yokwera kapena wodwala mutu waching'alang'ala wa mtundu wina, ndipo woweruza zimenezo ndi dokotala. Koma taganizirani mtsikana wa kwaya, wosakwatiwa, amene m'chikwama chake mwapezeka kapaketi kameneka. Dzuwa lisanalowe mudzi wonse udzakhala utagamula mlandu. Makolo ena, poopa manyazi amenewa, amam'letsa mwana kumwa mankhwala, n'kusankha mbiri yabwino m'malo mwa chiberekero chathanzi. Ife tikuona kuti mlangizi amene akuphunzitsa atsikana kudzisunga ayenera kudziwanso kuti piritsi limodzi lomwelo limamwedwa pa zifukwa zosiyana, ndipo kuliona m'manja mwa mtsikana sikum'patsa chilolezo chonena chimene sanachione.

Yachiwiri ndi ya thupi. N'zoona kuti mayi wonenepa akachepetsako thupi pang'ono, ngakhale makilogalamu 5 pa 100 aliwonse, msambo ungathe kubwerera ndipo shuga amatsika. Mgaiwa, nyemba ndi ndiwo zamasamba n'zabwino kuposa ufa woyera, tiyi wa masupuni anayi ndi zakumwa za m'botolo. Koma uphungu woona ungathe kusanduka chikwapu. Insulini wochuluka amachititsa njala ndiponso amasunga mafuta, kotero mayi ameneyu amakwera phiri pamene mnzake akuyenda pachigwa. Ambiri mwa iwo amalima, amatunga madzi, amayenda mitunda, ndiye kuwauza kuti achite masewera olimbitsa thupi ngati kuti amangokhala pakhonde n'kuwanyoza. Palinso ena owonda amene ali ndi matenda omwewa, ndipo iwo amachedwa kupezeka nawo chifukwa saoneka odwala.

Ndani tsono ali ndi ufulu wofunsa? Maganizo athu ndi akuti funso ndi lonjezo. Wofunsa za m'thupi mwa mnzake akudzipereka kumva yankho lonse, ngakhale mbali zimene sizim'pindulira, ndiponso kulisunga. Amene angathe kukhala naye pamzere wa kuchipatala kuyambira m'mawa, kum'thandiza ndalama ya minibasi yopita ku Queen Elizabeth, ku Kamuzu Central, ku Zomba kapena ku Mzuzu akatumizidwa kumeneko, ndi kudzam'funsabe za shuga mwana ali ku sekondale, ameneyo afunse, ndipo afunse ali awiri. Wofunsa pagulu, podutsa, akuseka, sakufuna yankho, pakuti palibe mayi angafotokoze za msambo wake pakhomo la tchalitchi. Chimodzimodzi ndi mapemphero. Kutchula vuto la mnzathu pagulu iye asanavomere, ngakhale maso atatsinzinidwa ndi manja atakwezedwa, n'kuulula chinsinsi basi. Ndipo pa 15 Okutobala, pamene tikukondwerera Tsiku la Anakubala, okonza mwambo angachite bwino kuganiziratu kuti akati amayi onse obereka aimirire, ndani atsale pansi, ndipo maso a anthu apita kuti.

Kwa amene wadzizindikira m'nkhaniyi, kapena wazindikira mwana wake, poyambira ndi kope. Lembani tsiku limene msambo wayamba ndi limene watha, mwezi ndi mwezi, pakuti dokotala amathandizidwa kwambiri ndi masiku olembedwa kuposa ongokumbukira. Chaka choyamba mtsikana atatha msinkhu, kudumphadumpha kwa msambo si vuto. Koma pakatha zaka zitatu, msambo wotalikirana kuposa masiku 35, kapena wobwera kosakwana kasanu ndi katatu pa chaka, ndi wofunika kuufufuza, ndipo masiku 90 opanda msambo kwa amene sali woyembekezera, sakuyamwitsa ndipo sakulera ndi chifukwa chokwanira chopitira kuchipatala. Kwa mtsikana amene sipanathe zaka 8 chiyambire kusamba, sikani siithandiza kwenikweni, chifukwa pa msinkhu umenewo mazira amaoneka ochuluka ngakhale mwa wathanzi. Dokotala amayang'ana msambo ndi zizindikiro za mahomoni. Mukafika, tchulani ndevuzo ngakhale mwameta, pakuti iye sangaone zimene lezala lachotsa. Wopezeka ndi matendawa ayezetse BP chaka chilichonse, ndi shuga pakatha chaka chimodzi mpaka zitatu malinga ndi mmene dokotala waonera, komanso asanatenge pathupi. Muyeso umenewu ndi womwewo kwa mtsikana wa pasukulu, kwa mayi wodikira mwana woyamba, ndi kwa mayi wa ana atatu amene analeka kubereka.